Gojo sanadzuke, nkhani ya mutu ija isiyeni

Amwene ayi, musatibwezerenso kumeneko. Zoti mphunzitsi wamphamvu Gojo akanatha kudzichiritsa chifukwa mdani wake Sukuna sanamudule mutu ndi zomwe zinapusitsa anthu chaka chathunthu, mpaka Jujutsu Kaisen, nthano ya zithunzi ya ku Japan, inatha mu September 2024 pa chaputala 271 mkuluyo ali chigonere. Amene mumangoonera anime yokha lekezani pompano, musadzati ndakuwonongerani.

Komwe mwaitenga ndikukudziwa. Gojo ali mnyamata wapasukulu, chigawenga china, Toji, anamubaya pakhosi, n'kumung'amba, n'kumubayanso pamutu, koma Gojo anadzuka n'kumuuza kuti analakwitsa posamudula mutu. Kashimo naye pomenyana ndi Hakari ananena kuti RCT, luso lodzichiritsira, imayendetsedwa ndi ubongo. Anthu akaphatikiza ziwirizi amangoti mutu ulipo, ubongo ulipo, basi adzuka. Koma mbali ina ya mfundo yomweyo mumaidumpha: cursed energy, mphamvu yomwe anthuwa amamenyera nkhondo, imachokera m'mimba. Ubongo umangoitenga n'kuichulukitsa ndi inzake kuti isanduke mphamvu yochiritsa. Chigayo chikhale chatsopano bwanji, popanda chimanga simubwerako ndi ufa. Toji anasiya thupi lili limodzi. Sukuna anadula pakati penipeni, miyendo kutsala chiimire, thunthu lili pansi. Ngakhale Yuta, wophunzira wa Gojo yemwe cursed energy yake imaposa ya Gojo kuchuluka, atadulidwa ndi Sukuna sanathe kudzilumikiza yekha.

Ena amati ubongo wa Gojo unali utatha kale. Pamenepo samalani, n'zoona theka. Domain (bwalo lomwe munthu amatsekeramo mdani) ikasweka, technique (luso lake lomenyera) imayamba yazima kwa kanthawi, ndiye Gojo ankawononga dala mbali ya ubongo yomwe imasunga technique n'kuichiritsa msanga kuti atsegulenso. Anatsegula domain yake, Unlimited Void, kasanu, poyesanso magazi anatuluka m'mphuno, RCT yake n'kufooka. Koma ma Black Flash, nkhonya zapadera zomwe anamenya, anaibwezeretsa, mpaka anameretsa dzanja lomwe Mahoraga, chilombo chomwe Sukuna anaitana, anadula. Ndiye vuto silinali mutu ayi.

Dzanja limenelo ndi pomwe imfa yake inayambira, koma tonse tinali kalikiliki kuombera m'manja. Mahoraga amazolowera chilichonse chomwe wakumana nacho gudumu lake likamazungulira, ndipo sasiya ngakhale atapeza kale yankho. Poyamba anangosintha mtundu wa cursed energy yake kuti adutse Infinity, chotchinga cha Gojo, zomwe Sukuna sakanatha kutengera. Sukuna anadikira. Ulendo wachiwiri Mahoraga anaponya chikwanje chosalunjika pa Gojo, cholunjika pa malo enieniwo pomwe Gojo waima. Infinity imachedwetsa chinthu chomwe chikubwera kwa iwe kuti chisafike. Nanga ngati chikudulidwa ndi malo omwe iweyo ndi Infinity yakoyo mulimo, ichedwetsa chiyani? Sukuna anaonera kamodzi, n'kusunga.

Kenako chaputala 235. Gojo waphulitsa Purple, mphamvu yake yoononga, pakati pa Shinjuku, Mahoraga wapsa, Sukuna wapanda dzanja, akuvutika kudzichiritsa, domain sangatsegule, mphunzitsi mnzake Kusakabe akulengeza kuti Gojo wapambana. Mukutsegula 236, muli pabwalo la ndege. Geto, Nanami, Haibara, anzake akufa okhaokha, Gojo atavala yunifolomu ya sukulu akucheza ngati palibe chachitika. Mukutembenuza tsamba, munthu ali chagada magazi ali m'kamwa. Kudula kwenikweniko sitinakuone. Chifukwa chomwe Six Eyes, mphamvu ya maso a Gojo, sinaonere chikwanje chikubwera chinadzafotokozedwa mochedwa, cha m'ma chaputala 255: Sukuna anapanga binding vow (lumbiro lotaya china kuti upeze china) yoti aponye ulendo umodziwo popanda chizindikiro cha manja, koma kuyambira pamenepo azifunika chizindikiro, mawu otchula, komanso kuloza ndi dzanja komwe chikupita. Masamu ake amagwira, koma kubisa mphindi imeneyo kenako n'kudzaifotokoza patapita miyezi, ine ndimati wolemba wake, Gege Akutami, sanalembe bwino, ndipo ndi mpata umenewu womwe unabala mabodza onsewa.

Koma amene amandinyansa kwambiri ndi anyamata a ma leak. Chaputala chisanatuluke, iwo amwaza kale zithunzi zosaoneka bwino pa X ndi pa TikTok, mawu omasuliridwa mwachisawawa, chithunzi cha mtembo chili pa status popanda chenjezo. Sabata yomweyo, pa 21 September 2023, anime inali ikuonetsa Gojo akukodwa mu Prison Realm, kabokosi kotsekera munthu, ku Shibuya. Munthu akudandaula kuti mphunzitsi wake watsekeredwa, wina akumuponyera mtembo wake. Ulemu uli kuti pamenepo? Atatero anabwera anzawo ofuna ma view. Maluwa a lotus omwe anaoneka mu 236 akuti ndi chizindikiro cha kubadwanso. Gojo wafa ndi zaka 29, Buddha anachoka kwawo ndi zaka 29, ndiye abwera ataunikiridwa. Apereka diso limodzi pa binding vow kuti agule moyo. Kamnyamata Ui Ui wanyamula mtembo, ndiye dokotala wawo Shoko akumukonza. Sabata iliyonse vidiyo yatsopano, palibe ndi mmodzi yemwe anabwerera kudzapepesa. Kumapeto kwa 260 chithunzithunzi cha Gojo chitaonekera anakuwa kuti tinanena ife, 261 n'kupezeka kuti ndi Yuta wavala mtembowo pogwiritsa ntchito technique ya Kenjaku yolowa m'thupi la wakufa, pamphumi pali zosoka. Shoko anasokadi thupilo, koma sanasokere mwini wake.

Ndiye musanakhulupirire theory iliyonse, dikirani chaputala chenicheni, muwerenge nokha, muone pomwe munthu wavulala komanso ngati wolemba wamupatsa mwayi wotsanzika. Akatsanzika ngati Gojo pabwalo la ndege paja, kapena Nanami poganiza za Malaysia, yatha, lirani mupumule. Osamangira nyumba pa mzere umodzi wa munthu wina wapambali.

Komabe mizere ing'onoing'onoyo muziisunga. Nobara, wophunzira wina wa Gojo, naye anatsanzika bwinobwino, mdani wina Mahito atamukhudza kumaso diso n'kuphulika. Arata Nitta, yemwe technique yake imangoimitsa bala kuti lisapitirire, ananena kuti mtima sukugunda, sakupuma, koma mwayi sunatheretu. Amene anakakamira mzere umenewo anasekedwa pafupifupi zaka zinayi. Pa 267 mtsikanayo anadzuka ndi chophimba pa diso, n'kukhoma technique yake, Resonance, pa chala chomaliza cha Sukuna. Kusiyana kwake n'koti pa Nobara panafika munthu woimitsa bala nthawi yomweyo, pomwe pa Gojo amene anafika msanga anali Kashimo, ndipo iyeyo anabwerera ndewu.