Radar yogula pa intaneti ndi kandege ka usiku ku Bembeke

Bambo wina wa ku Bembeke, mlimi wa mbatatesi, andilembera kuti droni, kandege kouluka popanda munthu mkati, yakhala ikuzungulira pa shedi yawo usiku, ndiye akufuna kuitanitsa radar yaing'ono pa intaneti kuti aziiona ikadali kutali. Akufunsa ngati igwire ntchito.

Bambo, ndalamazo sungani.

Radar imaponya mafunde n'kumvetsera obwerera. Droni ngati DJI Mavic thupi lake ndi pulasitiki. Zimene zimabweza mafunde kwambiri ndi batire, mamota ndi mawaya. Radar imaiona ngati kachitsulo ka masentimita 10 mbali zonse, pomwe munthu wamkulu imamuona ngati mita imodzi mbali zonse. Komanso mtunda ukawirikiza kawiri, mafunde obwerera amachepa ka 16. Mukawerengera, radar yoona munthu pa mamita 300 droniyo idzaizindikira pa mamita 95 okha. Ikamathamanga mamita 15 pa sekondi, pakangotha masekondi 6 ili kale pa denga panu. Timabolodi ta radar totchipa ngati HB100, ta mafunde a 10.525 GHz (Hz ndi GHz ndi miyeso ya kugwedezeka kwa mafunde pa sekondi), ndiye musatiganizire n'komwe. Anatipangira zitseko zotseguka zokha ndi magetsi oyaka munthu akadutsa. Sitiuza mtunda, sitiuza kolowera.

Vuto lalikulu kwa inu ndi malowo. Ku Dedza radar ikangoyatsidwa, mapiri, malata a nyumba, mitengo ya paini yogwedezeka ndi mwera, malole a pa M1, zonsezi zimabweza mafunde amphamvu kuposa a kandegeko. Opanga radar amaika sefa yochotsa zinthu zoima ndi zoyenda pang'onopang'ono. Tsono droni imatha kuima malo amodzi m'mwamba, sefa ija n'kuitaya limodzi ndi mitengo. Mukamasula sefayo, masana mudzangoona akhwangwala, usiku akadzidzi ndi mileme, pakuti mbalame yaikulu ndi droni zimafanana kukula pa radar.

Chimene chimazisiyanitsa ndi mapiko. Khwangwala amakupiza kangapo pa sekondi. Phiko la droni la masentimita 22 likamazungulira ka 6,000 pa mphindi, nsonga yake imathamanga pafupifupi mamita 70 pa sekondi. Pa 10 GHz, liwiro la mita imodzi pa sekondi limasintha kugwedezeka kwa mafunde obwerera ndi 67 Hz, choncho nsonga ija imasiya chizindikiro chofika cha m'ma 4,600 Hz, chimene mbalame singapange. Akatswiri amati micro-Doppler. Koma chizindikirocho n'chofooka kwambiri, chimafuna radar yoyang'anitsitsa malo amodzi ndi kompyuta yamphamvu. Zida zotere amagula ndi asilikali ndi mabwalo a ndege.

Ngakhale iwowo zimawavuta. Mu Disembala 2018 bwalo la Gatwick ku England linatsekedwa kupitirira tsiku lathunthu chifukwa cha malipoti a droni, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa kukhoti. Ndiye wogulitsa akamati kabokosi kake kamagwira droni iliyonse, ameneyo ndi wabodza, tisamunyengerere. Pena tisamafulumirenso kuganiza za akuba: kuyambira 2017, pamene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu, tindegeti tafala pa ntchito za zaumoyo ndi zojambula mapu. Kungoti ojambula mapu sauluka pakati pa usiku.

Chochita

Batire ya droni yaing'ono nthawi zambiri imatha ola lisanakwane, kotero woiyendetsa sakhala kutali. Mlonda azilemba nthawi imene yabwera, mbali imene yachokera, makamaka kumene yalowera pobwerera, chifukwa imabwerera komwe inanyamukira. Masiku anayi kapena asanu mzere uoneka. Zolembazo kaperekeni ku polisi. Ngati mukufunabe chida, gulani chongomvetsera mafunde a 2.4 ndi 5.8 GHz amene droni imalankhulirana ndi rimoti yake, ngakhale Wi-Fi ya pafupi imachisokoneza. Chotsekereza mafunde musachiyerekeze: mafunde a wailesi amayang'anira ndi a MACRA, ndipo kwanuko malire ali pafupi, mungasokoneze ndi anzathu a ku Mozambique omwe.