Tifunseni za Kamera: Mphete ya Fokasi Yasiya Kumvera Dzanja

FUNSO: Ndine wojambula zithunzi ku Monkey Bay, m'boma la Mangochi, ndipo ndimapeza chakudya pojambula maukwati, zinkhoswe ndi alendo obwera kunyanja. Kale kamera ikapeza fokasi yokha, ndinkawongolera ndi dzanja popotoza mphete ya pa lenzi swichi ili pa AF pomwepo (pamene kamera imadzifunira yokha fokasi), makamaka pojambula asodzi ali kuseri kwa ukonde, chifukwa kamera imathamangira ukondewo n'kusiya nkhope ya munthu. Mwezi watha mnzanga anandiikira firmware (pulogalamu yoyendetsa kamera) yatsopano m'kamera, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikapotoza mphete palibe chikusintha. Lenziyo si ya kampani imene inapanga kamera. Kodi yafa? Wojambula, Monkey Bay.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Musafulumire kuiika maliro lenziyo, pakuti nthawi zambiri vuto lotere limakhala la kusamvana pakati pa kamera ndi lenzi, osati kuthyoka kwa chitsulo. Popeza simunatchule mtundu wa kamera yanu, tifotokoza za mitundu imene ojambula ambiri kuno kwathu amanyamula.

Choyamba dziwani kuti mphete za fokasi zili pawiri. Pa malenzi ena mpheteyo inalumikizidwa ndi magalasi a m'kati, moti ngakhale kamera ili yozimitsa, mukaipotoza magalasi amasuntha. Malenzi ambiri a Canon okhala ndi mota ya USM ndiponso a Nikon olembedwa AF-S okhala ndi swichi ya M/A ndi otere, ndipo firmware ilibe mphamvu pa mphete yawo. Pa malenzi ena atsopano, monga a STM amene Canon inayamba kugulitsa mu 2012, a AF-P amene Nikon inatulutsa mu 2016, ndi pafupifupi onse a makamera opanda kalilole m'kati, mpheteyo sigwira galasi lililonse. Ntchito yake ndi kutumiza uthenga wa magetsi wakuti dzanja lapotoza mwakuti, kenako pulogalamu ndiyo imalamula mota kuti isunthe kapena ikhale chete. Pulogalamuyo ndiyo firmware, ndiye ikasintha, khalidwe la mphete lingasinthenso.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani lenzi pa kamera, muipenye m'kati uku mukupotoza mphete. Magalasi akasuntha ndiye kuti ndi ya mtundu woyamba, ndipo mlandu si wa firmware. Akapanda kusuntha, mphete n'kumangozungulira mopanda polekezera, ndiye kuti ndi ya magetsi, ndipo tikuganiza kuti yanu ndi yotere.

Ngati ndi choncho, pitani ku menyu musanachite china chilichonse, chifukwa poika firmware zosankha zina zimatha kubwerera mmene zinalili pochokera ku fakitale, kapena mnzanuyo anazibwezera yekha osakuuzani. Pa Canon funani pamene palembedwa Lens electronic MF, pa Nikon zina ndi Manual focus ring in AF mode, pa Sony ndi DMF, pa Fujifilm ndi AF+MF. Kumbukiraninso kuti pa makamera ambiri njirayi imagwira ntchito pokhapokha mwasankha fokasi ya kamodzi, ija ya One-Shot kapena AF-S (ya pa menyu ya kamera, osati dzina la malenzi a Nikon aja), ndipo chala chikadali chodina theka batani lojambulira. Mukakhala pa fokasi yotsatira chinthu choyenda, dzanja lanu ndi kamera zimangokokanakokana ngati anthu awiri opalasira bwato mbali zosiyana, ndipo wopambana amakhala kamera.

Menyu ikakhala bwino koma mphete osamverabe, nkhani yafika pa mfundo imene mwatchula nokha, yakuti lenzi ndi ya kampani ina. Kamera ndi lenzi zimalankhulana kudzera m'timadontho tagolide ta kumbuyo kwa lenzi, ndipo kwa zaka zambiri makampani opanga malenzi okha ankachita kudziphunzirira okha chilankhulo cha makamera a Canon ndi Nikon. Mwini kamera akasintha pang'ono kalankhulidweko, amayesa ndi malenzi ake. A eni ena amatsalira kufikira nawonso atatulutsa firmware ya lenzi. Mwa makampani ena opanga malenzi, Sigma inatulutsa USB Dock mu 2013 ndipo Tamron inatulutsa TAP-in Console mu 2016, timakina tolumikizira lenzi ku kompyuta, ndipo m'mapulogalamu ake muli pochunira mmene mphete imverere dzanja pa AF. Malenzi ena atsopano ali ndi pobayira USB pathupi pawo penipeni. Kamakina kotere sikagwira pa lenzi iliyonse, choncho onani dzina lonse la lenzi yanu pa webusaiti ya kampani yake musanawononge ndalama, ndipo ndi nzeru ojambula angapo a m'dera limodzi kusonkherana kamodzi, poti munthu amakafuna mwa apo ndi apo.

Kubwezera kamera ku firmware yakale, makampani ambiri salola, ndiye musadalire njira imeneyo. Komanso kusamvanaku kumachitika ngakhale m'nyumba imodzi: malenzi a AF-P DX amafuna firmware yatsopano pa Nikon D3300 ndi D5300, pamene pa D3100, D3200, D5100 ndi D7000 sagwira fokasi ngakhale ndi dzanja. Ogula malenzi akale kwa anzawo azifunsa zimenezi asanalipire.

Poti mumagwira ntchito pamchenga ndi m'mphepo ya mwera, pukutaninso timadontho tagolide tija ndi kansalu kouma, koyera. Ndipo ngati pali lenzi ina m'chikwama chanu imene mphete yake imazungulira yokha kamera ikamafuna fokasi, monga Canon EF 50mm f/1.8 II, imeneyo musaikakamize ili pa AF, mungaswe timano ta mota.

Podikira zonsezi, ukwati wa Loweruka usakudutseni. Chotsani ntchito ya fokasi pa batani lojambulira, muipatse batani la kumbuyo la AF-ON kapena lina limene kamera yanu ikulola, kuti mukalozetsa pa nkhope kamodzi n'kuchotsa chala, kamera isabwererenso ku ukonde. Mukadzaika firmware ya lenzi, batire likhale lodzaza, laputopu ikhale ndi moto wokwanira poti magetsi angazime pakati pa ntchito, ndipo musazule chingwe kufikira pulogalamu itanena kuti yamaliza.