Musafufute tsiku lanu la police clearance musanawerenge masiku otsala

Achemwali, funso limene mwaika pagulu lino ndaliona. Mwati munalembetsa pa intaneti tsiku lokadinda zala kuti mupeze police clearance, kalata yotsimikizira kuti mulibe mlandu, ndalama munalipira kale, koma abwana akuikani pa ntchito tsiku lomwelo, ndiye mukufunsa ngati mungalisunthe osataya ndalama zanu. Mwatinso amene akufuna kalatayo akupatsani mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Mwachita bwino kufunsa musanakhudze chilichonse, paja safunsa anadya phula. Ndaona ena m'munsimu akuti ingofufutani mulembetsenso. Ayi, chonde, batani lolembedwa Cancel lija musalidine kaye.

Ndikutero chifukwa ine ndinalidinapo. Chaka china ndinkafuna kalata yomweyi kuti ipite limodzi ndi mapepala anga a viza, ndipo tsiku langa, Lachiwiri, linawombana ndi mayeso. Ndinalowa mu akaunti usiku ndili wotopa, n'kuganiza kuti pofuna kusintha munthu amayamba wafufuta lakale. Nditangodina, malo anga anabwerera pagulu la malo opanda mwini. Pofika pa kalendala kuti ndisankhe lina ndinapeza kuti tsiku loyamba lopezeka linali patsogolo ndi milungu isanu, pamene ine ndinali ndi itatu yokha. Ndinabwerera msanga kuti nditengenso Lachiwiri langa lija, koma wina anali atalitola kale. Mapeto ake ndinakwera basi ya usiku kupita ku nthambi ina yakutali imene inali ndi mpata, ndipo ulendowo unandidyera ndalama zoposa zimene ndinalipira pa kalata yeniyeniyo. Sindikufuna zimenezi zikuonekereni.

Zimene zimachitika mkati mwa makinawo ndi izi. Mukalipira, amakupatsani nambala, ija amati reference number, ndipo nambalayo imamanga pamodzi dzina lanu, malipiro anu, ofesi imene munasankha ndi tsiku. Batani lolembedwa Reschedule limasintha tsiku lokha, zina zonse n'kukhala momwe zilili. Cancel ndi nkhani ina: pa mawebusaiti ena imangomasula tsiku, koma pa ena imatseka fomu yonse, ndipo ndalama za boma zikalowa nthawi zambiri sizibwerera. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Ku India, pa Passport Seva, webusaiti ya boma imene anthu amafunsirapo kalata imeneyi, malipiro amagwirabe ntchito kwa chaka chimodzi kuchokera pa tsiku loyamba limene munthu anapatsidwa, koma kusuntha tsiku kuli ndi malire, amalola maulendo ochepa chabe. Kwina ukangolipira basi, tsiku ndi ofesi zakhomeredwa. Lamulo limene likukhudza inuyo lili mu imelo imene anakutumizirani mutalipira, kapena m'munsi mwa pepala lotsimikizira tsiku, m'timawu ting'onoting'ono timene ambirife timadumpha. Werenganimo mupeze zinthu izi: ngati amalola kusintha, kangati, komanso amatseka kutatsala maola angati tsiku lisanakwane.

Koma nkhawa yanga yaikulu si ya ndalamazo. Ndi ya mawu mwalemba komalizawo, akuti muli ndi mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Anthu ambiri timaganiza kuti tsiku lodinda zala ndi tsiku lotenga kalata. Kwina zimatheka ndithu kutuluka nayo tsiku lomwelo, koma kwambiri ofesi imene mukupitayo ndi khomo lolowera chabe. Zidindo zanu zimatumizidwa kumene kuli kaundula wa milandu wa dziko lonse, kuti akaziyerekeze ndi za anthu amene anamangidwapo. Ku South Africa ntchito imeneyi imachitikira ku Criminal Record Centre ya apolisi ku Pretoria, kaya munthu wadindira zala ku polisi iti. Ku America, zidindo zopita ku FBI zimakathera ku Clarksburg, ku West Virginia. Kumeneko kuli mzere wake, ndipo inu mumalowa pamzerewo tsiku limene zala zanu zadindidwa, osati tsiku limene munalipira. Ndiye mukasuntha tsiku ndi milungu iwiri, mwasunthanso kutuluka kwa kalata ndi milungu iwiri, mwinanso kuposa.

Onjezanipo zokhumudwitsa zimene palibe amene amaziyembekezera. Dzina lanu likhoza kufanana ndi la munthu wina amene ali ndi mlandu. Ku Philippines, ku NBI, ofesi ya boma yofufuza milandu imene imapereka kalatayi, zimenezi n'zofala mpaka zili ndi dzina lake, amati hit, ndipo munthu amauzidwa kuti abwerenso patapita masiku angapo akamaliza kufufuza, ngakhale asanapondepo m'khoti. Zidindo nazo zimakanika. Anthu ogwira ntchito zamanja, ochapa kwambiri, ogwira simenti kapena mankhwala, mizere ya pazala zawo imafufutika, ndipo makina akalephera kuiwerenga amauzidwa kuti akadindenso. Ngati kalatayo ikupita kunja, akhoza kufunanso chidindo cha apostille, chotsimikizira kuti kalatayo ndi yeniyeni, chimene chinakhazikitsidwa ndi pangano la ku Hague la 1961, kapena kuti imasuliridwe m'chilankhulo cha kumeneko, kenako itumizidwe. Chilichonse mwa izi chimadya masiku ake.

Choncho tengani pepala, lembani tsiku lomaliza limene anakupatsani, kenako werengani chobwerera m'mbuyo. Chotsani masiku otumizira kalatayo. Chotsani masiku amene ofesiyo inalemba kuti imatenga pokonza, ndipo mutenge nambala yaikuluyo, osati yaing'ono. Chotsaninso sabata imodzi ya zogwa mwadzidzidzi, osaiwala kuti akamati masiku ogwira ntchito sawerenga Loweruka, Lamlungu ndi matchuthi a boma. Tsiku limene mwafikapo ndiye malire anu. Ngati tsiku latsopano lopezeka pa kalendala likudutsa malirewo, musasunthe.

Kunena zoona, malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikanayamba ndi abwana, osati ndi webusaiti. Kudinda zala si ntchito ya tsiku lonse. Aonetseni pepala lotsimikizira tsikulo, muwapemphe theka la tsiku, kapena mupeze mnzanu woti musinthane naye shifiti inu mudzamubwezere. Ndikudziwa kuti pena n'zovuta, makamaka ngati kalatayo ndi yofunira ntchito ina ndipo simukufuna kuti kuntchito adziwe. Simukakamizidwa kufotokoza chifukwa chake. Kungonena kuti muli ndi tsiku ku ofesi ya boma limene munalipira kale n'kokwanira. Munthu mungathe kukambirana naye, koma kalendala ya pa kompyuta simva pempho.

Zikakanika ndithu, sunthani mwadongosolo. Musanadine kalikonse, jambulani tsamba limene likuonetsa tsiku lanu la panopa, ndipo sungani lisiti yanu penapake kunja kwa foni imodziyo. Lowani ndi akaunti yomwe munalembetsera. Musatsegule yachiwiri poganiza kuti mugwire masiku awiri, chifukwa nambala ya pasipoti kapena ya chiphaso chanu ikaoneka kawiri makina ena amakana fomu yachiwiriyo, ndipo mukhoza kulipira kawiri pachabe. Onani kaye masiku opezeka musanatsimikize chilichonse. Mawebusaiti ambiri amaonetsa kalendala tsiku lanu lakale likadali m'manja mwanu, ndipo ngati palibe labwino mungotuluka osasintha kanthu. Musayang'ane kutsogolo kokha. Anthu amabweza malo awo tsiku ndi tsiku, ndiye mukamasuzumira m'mawa kwambiri ndi usiku kwa masiku awiri kapena atatu mukhoza kupeza tsiku loyandikira kuposa lanulo, zimene zingakukomereni kwambiri. Ngati amalola kusintha ofesi, onaninso nthambi za kunja kwa mzinda waukulu, kumene mizere imakhala yaifupi.

Mukatsimikiza, ntchito sinathe mpaka mutaona tsiku latsopanolo litalembedwa. Tulukani mu akaunti, lowaninso, muone ngati lasinthadi. Yang'anani imelo, ngakhale mu spam. Pulintani pepala latsopano, lakale lija muling'ambe kuti musadzanyamule lolakwika m'mawa wothamanga. Tsamba likaima pakati osayenda, musadinenso kawiri katatu, ndipo likakupemphani ndalama zina pamene malamulo sanatchule zolipiranso, imani kaye mufunse. Pomwepo onaninso kalembedwe ka dzina lanu. Chilembo chimodzi chikasiyana ndi cha m'pasipoti, kalata idzatuluka yolakwika, ndipo kukonzetsa kumapweteka kuposa kusuntha tsiku.

Ngati batani losinthira palibiretu, imbani kapena lembani ku nambala ndi adiresi zimene zili pa webusaiti ya boma yeniyeniyo, mutchule reference number, tsiku lanu ndi chifukwa chake mwachidule. Ngati ofesi ili pafupi, pitani nokha tsiku lanu lisanafike. Chimene sindikufuna muchite ndi kungokhala chete osapita. Kwina wosabwera amampatsa masiku ochepa oti afikebe, koma kwina fomu imafa tsiku lomwelo, ndipo si chinthu choti muyesere mwayi.

Pali china chimene ambiri sachiganizira: amene akufuna kalatayo nawonso ndi anthu, mungawalembere. Auzeni kuti munalembetsa kale, atumizireni lisiti ndi pepala la tsiku, mufunse ngati angalandire zimenezo podikira kalata yeniyeni. Ngakhale a zolowa ndi kutuluka ku Canada, amene pa Express Entry, njira yofunsira chilolezo chokhazikika kumeneko, amapereka masiku 60 okha kuti munthu atumize zonse akaitanidwa, amalola kuika umboni woti munafunsira kalatayo pamodzi ndi kalata yofotokoza kuchedwako, kenako ofisala amaona yekha ngati alandire. Chofunika n'kulemba tsiku lomaliza lisanakwane. Mukalemba litadutsa, amangoona ngati chowiringula.

Kwa ena amene mukuwerenga nawo ndipo mulibe changu ngati cha achemwaliwa, dziwani kuti kufulumira kwambiri nakonso kumavulaza, chifukwa kalatayi imakalamba. Canada imafuna kuti ya dziko limene mukukhala panopa isapitirire miyezi 6 pa tsiku lotumiza fomu. Australia imaiwerengera miyezi 12 kuchokera tsiku limene inatuluka, ndipo ya NBI nayo imakhala chaka chimodzi. Ndiye kwa wina, kusunthira tsiku kutsogolo kumakhala kwanzeru. Kwa inu achemwali ayi, masiku anu ndi owerengeka.

Tsopano za chithunzi chimene mwaika pamodzi ndi funso lanu. Chichotseni lero lomwe. Chikuonetsa dzina lanu lonse, tsiku lobadwa ndi reference number, ndipo gulu lino lili ndi anthu ambiri amene sitiwadziwa. Musadabwe madobadoba akayamba kukulemberani ku inbox kuti ali ndi munthu mkati amene angakupezereni tsiku la mawa. Akakupemphani pasiwedi, mwawapatsa chithunzi cha pasipoti yanu ndi zonse zimene munalemba pa fomu. Amene akulonjeza kalata popanda inu kukadinda zala akukugulitsani pepala labodza, chifukwa zala zanu palibe angakadinde m'malo mwanu. Makalata ambiri masiku ano ali ndi nambala kapena QR code yotsimikizira, ndipo a kazembe akapeza kuti ndi yabodza, mlandu umagwera inu amene mwaipereka. Zimandiwawa kuona munthu wosalakwa, amene amangofuna umboni woti alibe mlandu, akudzipezera mlandu pa njira yokatenga umboniwo.

Usiku uno werengani imelo ija ndi kuwerengetsa masiku anu chobwerera, ndipo mawa m'mawa mulankhule ndi abwana. Akakana, bwerani pano mutiuze mawu amene alembedwa pa mabatani a mu akaunti yanu ndi tsiku loyamba limene likupezeka pa kalendala, mutabisa dzina ndi nambala, tione limodzi musanadine.