Bwalo la mafunso: Fokolifiti ya m'tinjira topanikiza, ndigule?

Funso: Ndimachita lendi nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo ndipo yadzaza mpaka pakhomo. Mnzanga wochokera ku Joni akuti ndiyandikizanitse mashelefu, ndigule fokolifiti (makina onyamulira ndi kukwezera katundu) ija amati reach truck, malo apezeka okha. Pano ndili ndi ya dizilo yakale. Kodi akunena zoona? Ndine wowerenga wanu, Lilongwe.

Yankho: Mnzanuyo sakunama, bambo, koma wakuuzani mbali yokoma yokha.

Ya dizilo yanuyo ili ndi chitsulo cholemera kumbuyo kuti isagwe chafufumimba ikanyamula katundu. N'chifukwa chake ndi yaitali, ndipo kuti itembenuke ndi paleti (kathandala kamatabwa kosanjikapo katundu) imafuna kanjira ka mamita 3.5 kapena 4 m'lifupi. Reach truck ilibe chimbuyo chimenecho. Ili ndi miyendo iwiri kutsogolo, mafoloko ake amatambasuka kukatenga paleti n'kubwerera nayo pakati pa miyendoyo, dalaivala atakhala cham'mbali. Mamita osakwana 3 amaikwanira. Palinso ina yotchedwa VNA (very narrow aisle, ya m'tinjira topanikiza kwambiri) imene sitembenuka n'komwe: mafoloko okha ndiwo amazungulira, ndipo imayenda m'kanjira ka mamita 1.8 motsatira waya wokwiriridwa pansi kapena zitsulo za m'mbali. Imeneyo iiwaleni kaye, si ya nyumba ya lendi.

Musanapite kukafunsa mtengo, tengani thabwa lowongoka mugwade pasimenti yanu. Ine ndinayendetsa reach truck mu weyahausi ina ku Johannesburg, ndipo chimene chinandiphunzitsa ntchito ndi kadzenje kosaoneka ndi maso pakanjira ka nambala 6. Mateyala a makinawa ndi aang'ono ndi olimba ngati mwala, alibe mpweya womeza mabampu. Mbali imodzi ikatsika ndi sentimita imodzi yokha, paleti imene ili pamamita 8 m'mwamba imapendekeka ndi masentimita pafupifupi 7. Tsiku lina ndikukweza paleti ya mafuta ophikira, ngodya yake inagunda mtanda wa shelefu, makatoni awiri n'kutsika. Denga lachitsulo la pamutu panga ndilo linandipulumutsa, koma ovolosi ija sinachokenso fungo. Tsono ngati simenti yanu ndi yong'ambikang'ambika chifukwa cha malole, funsani kaye mwini nyumba kuti aikonza ndani.

Nkhani ina ndi ya magetsi. Reach truck imadya batire basi, ndipo batire ya mtovu imafuna maola pafupifupi 8 patchaja, kuwonjeza madzi ake oyeretsedwa mlungu ndi mlungu. Magetsi akathima usiku wonse, m'mawa muli ndi chitsulo chongokhala, katundu wanu ali kumwamba, ndipo ya dizilo ija singalowe m'tinjira mwapanikizamo kukamutsitsa. Mukagula yogwiritsidwapo kale, yang'anani batireyo kuposa penti, chifukwa m'mene ndalama zimabisala ndi momwemo.

Ya diziloyo musagulitse. Reach truck pabwalo la miyala imangonjenjemera, ndiye wotsitsa katundu mulole akhalabe wakale uja. Mukafuna imodzi yogwira konse konse, ziliko zopindika pakhosi monga Bendi, Flexi ndi Aisle-Master, zimene zimatuluka panja komanso kulowa m'kanjira ka mamita 2. Funsani kaye kumene zipangizo zake zikachokere zikathyoka.

Ndipo dalaivala wanu asangokwerapo poti wayendetsa ya dizilo zaka khumi. Ku South Africa ziphaso zake n'zosiyana, F1 ya wamba yaing'ono, F5 ya reach truck, ndipo amakaziwonjezera pakatha zaka 2. Mumuonetse kachitsulo kolembedwa pambali pa mpando: matani amene makina amanyamula ali pansi si amene anganyamule atakweza mpaka pamwamba. Mukayeza simenti ija mundilemberenso, mutchule ndi kutalika kwa denga lanu.