Kwa ba sisi a salaula amene msana ukuwawa mpaka kuphazi

Ba sisi pepani maningi ndi ululu umenewo. Ndawerenga zonse mwalembazi pa gulu lathu lino, kuti mumagulitsa salaula ku msika wa Soweto mu Lusaka, masabata atatu apitawo munanyamula belo ndiye munamva ngati china chake chaduka m'chiuno, manje ululu ukuyambira pa thako la kumanzere kutsika ndi mwendo mpaka chala chachikulu chimene chachita dzanzi, ku kiliniki anakuuzani ati ndi slipped disc, kutanthauza kuti disiki, kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana, yatuluka, koma ekisire inatuluka yabwinobwino, achibale ena akuti mathero ake ndi wilutcheya ena akuti yambani kusakila ndalama ya opaleshoni. Mwafunsa ngati zimapola. Zimapola ba sisi. Pa anthu 10 amene ali ndi vuto limeneli pafupifupi 9 amapeza bwino osaona mpeni, ambiri pakati pa masabata 6 ndi 12, ndiye inu pa masabata atatu mukadali mkati mwa nthawi yovuta ija, sikuti zakanika ayi. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi yosoka, koma nthenda iyi inandigwirapo ndipo zimene ndikulembazi ndi zomwe a fizo (a physiotherapy, othandiza odwala ndi maekisesaizi) ndi adokotala anandiphunzitsa, zina ndinachita kuziwerenga ndekha usiku tulo tikakana.

Ndiyambe ndi zoopsa kuti zichoke panjira, chifukwa izi zokha ndiye sizidikila. Ngati mkodzo ukukanika kutuluka, kapena ukungotuluka inu osamva, kapena chimbudzi chikukupulumukani, kapena mukamadzipukuta kumaliseche ndi pakati pa matako simukumva bwino dzanja lanu, kapena ululu ndi dzanzi zagwila miyendo yonse iwiri, musadikile kuti kuche, pezani galimoto mupite ku casualty ya chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa tsiku lomwelo ndipo mukanene zimenezo poyambilila penipeni osachita manyazi. Pamenepo ndiye kuti mitsempha ya pansi pa msana yapanikizika yonse pamodzi ndipo opaleshoni yake imafunika mwachangu, kuchedwa kumasiya munthu ndi vuto la mkodzo moyo wake wonse. Sizichitika kwa ambiri koma aliyense wa disiki azidziwe. China ndi mphamvu ya phazi. Gwilani khoma muyese kuyenda ndi zidendene zala zili m'mwamba, kenako muyende ndi zala. Ngati phazi la kumanzere likukana kudzuka, likumenya pansi kuti phwa poyenda, patapata ikumavuka yokha, bwelelani kwa dokotala osadikila. Komanso kwathu kuno tisamaiwale TB ya msana, ngati ululu umakula usiku olo mwagona phee, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, kapena munadwalapo khansa, zimenezo si za disiki wamba, akuyezeni.

Ngati zonsezi mulibe, mtima ukhale pansi.

Msana si fupa limodzi, ndi mafupa osanjikizana, ndipo m'chiuno muno muli asanu akuluakulu amene amasenza thupi, pa pepala la kuchipatala muona alemba L1 mpaka L5, pansi pake S1. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni, ndiye disikiyo, kunja kwake kolimba kokhala ndi ulusi wolukana, mkati mwake muli zofewa zonanda. Ganizani chubu cha Colgate chimene chang'ambika pambali, mukachifinya mankhwala amatulukila pong'ambikapo. Zofewa zija zikatuluka zimapeza muzu wa mtsempha umene ukuchoka mumsana kupita kumwendo, zimaupanikiza komanso zimautupitsa, ndiye mtsempha ukalusa ululu umamveka njila yonse imene iwo umadutsa. Ndiye chifukwa chake mwendo ukuwawa kuposa msana pamene mwendowo ulibe bala lililonse, mungaupake Deep Heat mpaka kumaliza chubu vuto lili kumtunda. Kwa ambiri zimachitika pa madisiki awiri a pansi, L4-L5 ndi L5-S1, ndipo dzanzi la chala chachikulu ndi pamwamba pa phazi nthawi zambiri ndi mtsempha wa L5, pomwe la kachala kakang'ono ndi m'mbali mwa phazi ndi S1. Kutsokomola, kuyetsemula, kudzikakamiza ku toileti, zonsezi zimafinya disiki, ndiye mumamva ngati magetsi akuthamanga mwendo. Nthendayi imakonda anthu a zaka 30 mpaka 50, kaili disiki imayamba kuuma ndi kuchita ming'alu pang'onopang'ono, belo lija linangomalizitsa zimene zinayamba kale.

Za ekisire musadabwe, iyo imaona mafupa chabe, disiki ndi mtsempha siziwoneka. Chimene chimaonetsa disiki ndi sikani yotchedwa MRI. Koma ine ndinganene kuti musathamangile kaloba chifukwa cha sikani pa masabata atatu, chifukwa olo ionetse disiki yotuluka chithandizo chake chikhala chomwechi chimene muli nacho. Ndiponso anthu ambiri amene msana suwawa n'komwe akawaika mu MRI amapezeka ndi madisiki otupa, olo achinyamata a zaka 20 pafupifupi 3 pa 10 aliwonse, akuluakulu ndiye ochuluka zedi, ndiye lipoti lija limatha kukuopsani ndi mawu aatali pa zinthu zoti si zimene zikukupwetekani. MRI ili ndi ntchito pakakhala zizindikilo zoopsa zija kapena pamene nthawi yapita osasintha ndipo adokotala akuganizila jekeseni wa mumsana kapena opaleshoni.

Chimene chinandilimbitsa mtima ine ndi ichi: thupi limadya lokha zotuluka zija. Limaziona ngati zachilendo, limatumiza maselo ake kukazichotsa, zimauma, zimachepa, kutupa kwa mtsempha kumatsika. Ndipo zimene zatuluka kwambiri nthawi zambiri ndi zimene zimachepa bwino. Ndiye ntchito yanu si kubweza disiki m'malo, palibe munthu angaibweze ndi dzanja kapena ndi phazi, ntchito yanu ndi kudutsa masabata amenewa osaulusa mtsempha komanso osalola thupi kuuma.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsidwa ndi chikondi cha achibale, ati gonani musadzuke. Kugona tsiku limodzi kapena awiri ululu ukafika povuta palibe vuto, koma kupitilila apo minofu imafooka, msana umauma, mantha amakula, podzuka mumapeza zafika poipa. Yendani. Olo mphindi 5 chabe pabwalo, kuchoka pakhomo kufika pa geti n'kubwela, kangapo pa tsiku, mawa onjezani pang'ono. Kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti mukuononga kanthu. Chimene muziyang'ana ndi komwe ululu ukupita: ngati ukuchoka kuphazi kukwela kubondo, kuthako, kubwela pakati pa msana, olo msanawo uwawe kuposa kale, zimenezo ndi zabwino, mtsempha ukumasuka. Ngati chimene mukuchita chikutsitsa ululu kuphazi, chisiyeni. Dzanzi lokha limachedwa, ululu ukhoza kutha chala chikadali chachilendo miyezi ingapo.

Podzuka pabedi m'mawa, pamene disiki imakhala yodzaza madzi ndipo msana sufuna kupindidwa, musadzuke chagada ngati mwaitanidwa. Pindani mawondo, tembenukani thupi lonse pamodzi mugone cham'mbali kumphepete kwa bedi, tsitsani miyendo yonse iwiri pansi uku mukukankha matiresi ndi chigongono ndi dzanja, mukhale kaye pang'ono mupume, kenako imani manja ali pamawondo. Pogona ikani pilo pakati pa mawondo ngati mwagona cham'mbali, kapena pansi pa mawondo ngati mwagona chagada. Botolo la madzi otentha lokulunga mu chitenje pa chiuno mphindi 15 kapena 20 limathandiza, koma musaliike pamene pali dzanzi, mungapse osamva. Zoti mugone pa simenti si lamulo, gonani pamene mukupeza tulo, bola matiresi asakhale olowa pakati.

Kukhala pansi ndiye mdani wamkulu, makamaka malo otsika, sofa yolowa, kampando ka pa mbaula, kukhala pa belo mutawelama kusankha zovala. Pezani mpando wautali, pindani thaulo muike kumbuyo kwa chiuno, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 imani muyende pang'ono. Mu minibasi pewani mpando wakumbuyo ndi uja wa pamwamba pa tayala pomwe mawondo amafika pachifuwa, pemphani kondakitala akupatseni kutsogolo, ndipo ngati jamu yagwila bwino kutsika n'kuyenda kagawo kotsala kusiyana ndi kupilila mutapindika. Kunyumba beseni la zochapa likwele pa tebulo, mbaula muikweze pa mabuloko, tsache lalifupi lija mupatse ana inu mugule la mtengo wautali. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 20 amenewo, thumba la unga 25, saka la malasha musaliyandikile n'komwe pakadali pano. Belo lolemela makilo 45 kapena kuposa si la munthu mmodzi olo msana uli bwino. Ndikudziwa kuti mukapanda kupita ku msika ana sadya, ndiye sindikuti tsekani bizinesi, pitani maola ochepa, lipilani mnyamata wa wilibala anyamule ndi kutsitsa, zovala aziyale pa tebulo osati pansi. Ndalama ya mnyamatayo ndi yochepa kuyelekeza ndi mwezi wina wogona. Mukadzapola podzanyamula kanthu, kayandikileni, pindani mawondo, kagwileni pafupi ndi mimba, ndipo potembenuka sunthani mapazi, kupotokola chiuno katundu ali m'manja ndi kumene kumang'amba disiki.

Mankhwala. Brufen kapena diclofenac amatsitsa kutupa, koma imwani umodzi osati yonse iwiri, mutadya, kwa masiku ochepa monga anakuuzilani kuchipatala. Ngati muli ndi ma ulcer, BP, vuto la impso, kapena muli ndi pakati, funsani kaye. Ndipo ichi ndilembele gulu lonse chifukwa ambiri sauzidwa: amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga TLD, asamamwe diclofenac ndi Brufen mwachisawawa, mankhwala amenewa akakumana ndi tenofovir amalemetsa impso, uzani adokotala mankhwala onse amene mukumwa. Zija zopita pa ka drug store ka mu komboni kukabayitsa jekeseni wa diclofenac tsiku ndi tsiku zimandiopsa zedi. Panado payekha sachita zambiri pa ululu wa mtsempha. Tramadol amazoloweleka ndipo amadzimbila, ndiye wa disiki akadzimbidwa ku toileti kumakhala kulila, idyani chibwabwa, kalembula, papaya, imwani madzi. Ngati ululu ukukukanizani tulo nenani, alipo mankhwala ena a mitsempha amene dokotala angakulembeleni. Amene amasuta fodya adziwe kuti amaumitsa disiki ndi kuchedwetsa kupola.

Abwela anthu ndi nzelu zambiri. Ena ati mwana akupondeni pamsana, ayi ndithu. Ena mphini, koma disiki ili mkati kuseli kwa minofu ndi fupa, lezala safika, mungotsala ndi zilonda. Ena anena kuti anzanu a pa msika akuchitani chifukwa mumagulitsa kwambiri, ine ndikuti munanyamula belo ndipo ululu ukutsata njila yeniyeni ya mtsempha, musadane ndi oyandikana nawo chifukwa cha zimenezi. Pemphelo pemphelani, limalimbitsa mtima, uku mukuyenda ndi kumwa mankhwala. Lamba wa msana mungamange pa ulendo kapena pa ntchito ya kanthawi, koma kumuvala tsiku lonse miyezi sikuchilitsa.

Chimene ndingakukakamizeni ndi fizo. Bwelelani kumene munayambila, kaya ndi chipatala cha Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje kapena Chipata level one, mupemphe akutumizeni ku physiotherapy, ndipo ngati muli pa NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, tengani khadi mufunse zimene ikulipila. A fizo amayeza mphamvu ya mwendo, amaona kuti ndi kupinda kuti kumene kumabweza ululu kumsana, n'kukupatsani maekisesaizi oyenela inuyo. A pa YouTube ndi TikTok ena ndi abwino koma sanakuoneni, chimene chinathandiza wina chikhoza kukulusilani mtsempha. Ululu ukatha musasiye, minofu ya pamimba, ya matako ndi ya msana ikalimba ndi imene imachepetsa mpata woti zibwelenso, chifukwa kubwela zimatha kubwela.

Opaleshoni ili ndi malo ake, sindikuinyoza. Ngati padutsa masabata 6 mpaka 12 mwachita zonsezi koma mwendo ukadali moto, simugona, simugwila ntchito, kapena phazi likupitilila kufooka, pemphani lifelo ya kwa madokotala a mafupa kapena a mitsempha, pamenepo MRI ndi yoyenela. Sachotsa disiki yonse, amachotsa kachidutswa kamene kakupanikiza mtsempha, ndipo imathandiza ululu wa mwendo mwachangu kuposa wa msana weniweniwo. Pakatha chaka kapena ziwili, opangidwa opaleshoni ndi amene anadikila ambiri amapezeka ali chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi liwilo, ndiye ndi chisankho chokambilana modekha ndi dokotala osati chochita chifukwa achibale akuopsezani.

Tiyankheni pansipa ba sisi, mkodzo ukuyenda bwino? Nanga kuyenda ndi zidendene mwakwanitsa miyendo yonse? Ngati chimodzi mwa ziwilizi chavuta musadikile yankho la pa gulu, pitani lelo.