Tizilombo sitijambulidwa kuchokera mufiriji

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti akajambula tizilombo pafupi, zithunzi zimatuluka zakuda kapena zosaoneka bwino, ndipo mnzake wamulangiza kuti agule lenzi ya macro (yojambulira zinthu zing'onozing'ono pafupi) komanso aziyamba waika kachilomboko mufiriji kuti kasamathawe. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti.

Achimwene, nkhani ya firijiyo yandiwawa, choncho mundilole ndiyambire pomwepo.

Ine ndinaphunzirira kujambula tizilombo m'munda wa chinangwa wa agogo anga, ndi kamera yakale komanso lenzi wamba ya 50mm yomwe ndinkaimanga chotembenuza kuti izikuza zinthu. Mphunzitsi wanga anali nunkhadala. Agogo ankadana naye chifukwa amatha masamba a chinangwa, koma kwa wojambula palibe chiwala chofatsa ngati iye. Sathawa msanga, chifukwa amadya zomera zapoizoni n'kusunga poizoniyo m'thupi, ndipo mitundu yake ija, yachikasu, yakuda ndi yofiira, imachenjeza mbalame kuti zisamuyandikire. Asayansi amamutcha Zonocerus elegans. Ndinkagona chafufumimba m'mizere, zigongono zili m'dothi, n'kumamuyang'ana akutafuna, akupukuta tinyanga take ndi mwendo wakutsogolo. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati ndataya ndalama. Kumeneko n'komwe ndinaona kuti chithunzi chimakhala ndi moyo kachilomboko kakamachita zake.

Kachilombo kochokera mufiriji sikachita kanthu. Miyendo imapindika, tinyanga timagwa, ndipo wojambula amakaika paduwa lomwe mwina sikanaterepo chibadwire. Ena amafika pomata ndi guluu. Chimenecho n'chinyengo, ndiponso ndi nkhanza, chifukwa tina sitidzukanso. Ndimaona zithunzi zoterezi pa Facebook anthu akuziyamikira, ndipo mtima umandiwawa.

Chomvetsa chisoni n'choti kuzizira kumene akukufunako kulipo kale kunja. Tizilombo tambiri timadalira dzuwa kuti thupi litenthe. Pitani kudambo mbandakucha mu Juni kapena Julayi, mukapeza tizilombo titakakamira paudzu, mame ali mbuu pamapiko, tosatha kuuluka mpaka dzuwa litakwera. Atombolombo ndiwo amakoma kwambiri nthawi imeneyi. Mphepo imakhalanso isanayambe, ndipo mphepo ndi mdani wamkulu kuposa kunjenjemera kwa manja, poti udzu ukangogwedezeka pang'ono, diso la kachilombo latuluka kale pamene munalunjika.

Diso limenelo ndilo chithunzi chonse. Anthu ambiri amajambula ataimirira, n'kutenga msana wa chiwala ndi dothi. Tsikani mufanane nacho msinkhu. Mukayandikira mpaka kachilomboko kakugwera pa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera) ndi kukula kwake kwenikweni, komwe timati 1:1, gawo looneka bwino pa f/11 (nambala yosonyeza kukula kwa bowo lolowetsa kuwala mu lenzi) limangokhala milimita imodzi kapena awiri. Ndiye ngati mukufuna thupi lonse lioneke, jambulani cham'mbali, kamera itayang'anizana ndi thupilo mosapendekeka. Siyani mpata kumene kakuyang'ana, ndipo musadule tinyanga. Muziyang'ananso zomwe zili kumbuyo: kusuntha mutu pang'ono kumachotsa phesi louma lomwe likanaononga zonse.

Tsono za kuwala

Dzuwa la masana ndi fulashi yosaphimba zili ndi vuto limodzi: kuwala kumachokera pa kadontho kakang'ono, n'kusiya banga loyera pamsana wonyezimira ndi mithunzi yakuda bii. Mankhwala ake n'kukuza malo amene kuwalako kukuchokera. Dulani chigubu choyera chapulasitiki kapena pepala loyera lolimba, mulimangirire pamwamba pa lenzi kuti fulashi iziwala kudzera mmenemo, ndipo likhale pafupi ndi kachilomboko. Kusintha kwake kumaposa kwa lenzi iliyonse yomwe mungagule.

Yambani ndi f/11, shutter 1/200 (kamera imalowetsa kuwala kwa 1/200 ya sekondi), ISO 200 (mlingo wa momwe sensa imamvera kuwala), fulashi pa 1/16 ya mphamvu yake, kenako muziwonjezera kapena kuchepetsa. Pa mphamvu yochepa fulashi imang'anima mwachangu kwambiri moti kunjenjemera kwa manja sikuoneka. Kumbuyo kukada, musadabwe: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Gwirani tsamba lobiriwira kumbuyo kwa kachilomboko, kapena kwezani ISO kuti kuwala kwa kunja kulowe nawo.

Za lenzizo, musagule kaye. Ma extension tube, timachubu toika pakati pa kamera ndi lenzi kuti muzitha kujambula pafupi kwambiri, ndi otchipa ndipo amagwira ntchito ndi lenzi yomwe muli nayo kale. Ngati mumajambula ndi foni, kalenzi kopanira pamwamba pa kamera n'kokwanira. Mukajambula ndi pepala lija, munditumizire chithunzi chimodzi pamodzi ndi manambala omwe munagwiritsa ntchito, tidzaone ngati lenzi ikufunikadi.