Mfuti ya Keyala ya pa intaneti: yang'anani chitsulo, nkhani ya wogulitsa ibwere pambuyo

Achimwene ena okhala ku England anditumizira imelo. Agogo awo aamuna anali msilikali wa Keyala ndipo anakamenya nkhondo ku Burma. Iwowa akufuna kugula mfuti ya mtundu umene agogowo ankanyamula, yotsekedwa kale kuti isawombenso, aipachike pabalaza kuti ana azikula akuiona. Apeza ina pa intaneti imene wogulitsa akuti ndi Lee-Enfield No. 5, ija yaifupi imene amaitcha Jungle Carbine. Pa thabwa lotsamiritsa paphewa pali kamkuwa kozungulira kodindidwa zilembo za KAR (King's African Rifles, dzina la Keyala m'Chingerezi), ndipo mtengo wakwera chifukwa cha zilembozo. Funso lawo ndi ili: "Ndingadziwe bwanji kuti si feki, poti ine ndikungoona zithunzi basi?"

Achimwene, mfuti imeneyo isiyeni. Ndikufotokozerani chifukwa chake, kenaka tione imene ingakuyenereni.

Tiyambe ndi kamkuwa kamene kakukopani mtimako. Timikuwa totere tinkaikidwa pa mfuti yakale ya Lee-Enfield yotchedwa SMLE No. 1 Mk III, ndipo pamenepo m'pamene ankadinda dzina la gulu la asilikali ndi nambala ya mfutiyo m'nyumba yosungira zida. Mfuti za No. 4 ndi No. 5 sizinkatuluka m'fakitale ya ku Britain zili ndi kamkuwa kameneka. Ndiye mukakaona pa No. 5, dziwani kuti munthu wina anaboola thabwa n'kukaikapo. Ngakhale pa SMLE yeniyeni, kamkuwako kamagwidwa ndi sikuluwu imodzi yokha pakati. Topanda zilembo timagulitsidwa motchipa, ndipo zitsulo zodindira zilembo zimapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo. Munthu wa hamala akhoza kukupangirani "mfuti ya Keyala" madzi a tiyi asanawire. Pa mfuti zakalezi, chizindikiro chimene chimakweza mtengo kwambiri nthawi zambiri chimakhalanso chosavuta kunamizira, ndipo akathyali zimenezi amazidziwa kuposa ife ogula.

Palinso nkhani ya zaka. No. 5 inayamba kupangidwa mu 1944 ndipo anasiya kuipanga mu 1947, m'mafakitale awiri okha: ROF Fazakerley ku Liverpool ndi BSA ku Shirley, pafupi ndi Birmingham. Zonse pamodzi zinali pafupifupi 250,000. Asilikali a Keyala a m'gulu la 11th East African Division analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu August 1944, mvula ili pakati, ndipo anafika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chaka chomwecho. Nthawi imeneyo No. 5 inali isanafalikire. Mfuti ya msilikali wamba inali yaitali, SMLE kapena No. 4. Kumene No. 5 inagwiradi ntchito kwambiri ndi ku Malaya kuyambira 1948, komwe 1st KAR ya ku Nyasaland inapita mu 1952, kenaka 2nd KAR. Agogo anu akanakhala a ku Malaya ndikanalankhula zina, koma mwati ku Burma.

Tsono No. 5 ndi imodzi mwa mfuti zonamiziridwa kwambiri m'banja lonse la Lee-Enfield. Nkhondo itatha, No. 4 zinali mbwee ndipo zinkagulitsidwa motchipa, pamene yaifupiyi anthu ankaikonda. Makampani ena ku America, monga Golden State Arms ya ku California m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ankadula mipope ya mfuti zazitali, n'kuikako chitsulo chonga fanelo kumapeto, n'kumazigulitsa ndi dzina la Jungle Carbine. Iwowo ankalembapo dzina lawo, sankabisa. Vuto limabwera mfutizo zikadutsa m'manja ambiri, wina n'kupala dzinalo kapena kungosankha kusalijambula. Dzina loti Jungle Carbine silinali la boma. Mukaliona litadindidwa pa chitsulo, mfutiyo sinatuluke m'fakitale ya asilikali ili choncho.

Yeniyeni imadziwika ndi mmene anaipepukitsira. Ya ku Fazakerley inalembedwa kumanzere kwa thupi lake ndi cholembera chamagetsi, zilembo zowonda zosazama, "No5 Mk1 ROF(F)" pamodzi ndi mwezi ndi chaka. Ya BSA ili ndi M47C. Choonera chakumbuyo chimathera pa mayadi 800, pamene cha No. 4 chimafika 1300. Mpira wa chogwirira bolt (chitsulo chimene amakoka ndi kukankha polowetsa chipolopolo) anauboola. Koma zonsezi munthu akhoza kusinthanitsa kapena kulemba yekha. Chovuta kunamizira chili pansi pa kathabwa kapamwamba, pamene mpope umalumikizana ndi thupi la mfuti: pa No. 5 yeniyeni anasemapo timigula tozama tochotsera kulemera, pamene pa No. 4 yodulidwa m'posalala. Muuzeni wogulitsa achotse kathabwako ajambule. Akayamba kuzemba, mwapeza yankho lanu.

Ine ndikanakhala inu ndikanafuna SMLE No. 1 Mk III* wamba, yopanda nthano iliyonse. Zilipo zambiri chifukwa zinapangidwa mamiliyoni, ndipo palibe amene amataya nthawi yambiri kunamizira chinthu chopezeka paliponse. Mbiri yake imalembedwa pa lamba wachitsulo amene ali kumbuyo kwa bolt, mbali ya kumanja: chisoti chaufumu, zilembo za mfumu monga GR, dzina la fakitale, chaka, ndi mtundu wake. Mudzaona Enfield, BSA Co. kapena LSA Co. ngati ndi ya ku England, Lithgow ngati ndi ya ku Australia, ndipo za ku Ishapore ku India zimakhala ndi GRI. Mk III inavomerezedwa mu 1907, ndipo kanyenyezi (*) ka pa dzina la Mk III* kanabwera mu 1916 pamene anachotsa tizitsulo tina kuti mfuti zizipangidwa mofulumira. Zilembo, chaka ndi maonekedwe a mfutiyo ziyenera kugwirizana.

Apa m'pamene mfuti zosulidwa pamanja ku Darra Adam Khel ndi madera ozungulira Khyber Pass, kumalire a Pakistan ndi Afghanistan, zimagwidwira. Amisiri a kumeneko ndi aluso, amakopera chilichonse mpaka zidindo, koma osati nthawi zonse molondola. Mudzapeza VR, chizindikiro cha Mfumukazi Victoria, pamwamba pa chaka cha pambuyo pa 1901, mwini wake atamwalira kale. Mudzapeza N wa m'mawu oti ENFIELD atatembenuka, kapena zilembo zosalingana msinkhu. Zina zinabwera ndi asilikali amene ankabwerera kwawo kuchokera ku nkhondo ya ku Afghanistan. Monga ntchito ya manja zili ndi mbiri yakeyake, koma si za asilikali a Britain, ndipo chitsulo chake n'chosadalirika moti kuwombera ndi kuika moyo pachiswe.

Chotsatira ndi nambala. Monga mmene mumafananitsira nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zimene zili pa buluu buku musanagule galimoto, SMLE ili ndi nambala imodzi yodindidwa malo angapo: pa thupi, pa mpope, kumbuyo kwa chogwirira bolt, pa chitsulo chakumphuno pomwe pamalowa benete, ndi pansi pa choonera. Zonse zikagwirizana mtengo umakwera, ndiye pali anthu amene amazigwirizanitsa okha. Pemphani chithunzi cha chogwirira bolt chojambulidwa pafupi, kuwala kukuchokera m'mbali. Ngati pamene pali nambala pakuoneka potsika kapena pophwatalala kuposa pozungulira, wina anapala ndi tupa nambala yakale. Onaninso m'kati mwa manambalawo. Chidindo cha zaka 80 kapena 100 chimakhala chakuda m'kati, chodzaza mafuta ouma ndi litsiro, milomo yake itafufutika ndi manja a anthu. Chatsopano chimawala m'kati ndipo m'mphepete mwake chitsulo chimatukuka pang'ono, chakuthwa. Fananitsani maonekedwe a 3 kapena 7 pa bolt ndi a pa thupi.

Komabe musathawe mfuti chifukwa choti inakonzedwapo. Nambala yakale yodulidwa ndi mzere, ina itadindidwa pambali pake poyera, kawirikawiri ndi ntchito ya okonza zida a asilikali, ndipo iwo analibe chifukwa chobisira. Zilembo za FTR zikutanthauza kuti mfutiyo inabwerera kufakitale n'kukonzedwa yonse. Kwa ine mfuti yotereyi ndi yoona kuposa yonyezimira ija, chifukwa ikuonetsa kuti inagwira ntchito zaka zambiri. Imene imandidetsa nkhawa ndi yoti thabwa ndi lokalamba, lakuda ndi mafuta, lodzaza zipsera, koma zidindo zake zili ngwee ngati zadzulo. Mfuti imakalamba yonse pamodzi. Zilembo za DP zimasonyeza kuti inachotsedwa pa ntchito yowombera n'kusiyidwa kuti azingophunzirira perete. Yopachika pakhoma zilibe kanthu, bola mtengo utsike ndipo wogulitsa anene.

Za mfuti za alenje a anthu aja, ma sniper, ndingodutsapo chifukwa simunafunse. No. 4 Mk I (T) zenizeni zambiri zinakonzedwa ndi Holland & Holland ku London, ndipo zimakhala ndi S51 pansi pa thabwa, TR pa lamba wachitsulo, ndi nambala ya galasi loonera patali yodindidwa pamwamba pa thabwa. Zimenezi zonse anthu amadinda okha masiku ano. N'chimodzimodzi ndi ziwombankhanga ndi zilembo za SS, gulu lankhondo la Hitler, pa Mauser K98k ya ku Germany. Munthu woyamba kumene asayambire kumeneko.

Pa intaneti pali chinyengo china chosakhudza n'komwe zidindo: mfutiyo kulibe. Zithunzi anaba pa tsamba la malonda akale. Ikani chithunzicho mu Google Lens muone ngati chinatulukapo kwina. Kenaka muuzeni wogulitsa ajambule mfutiyo pamodzi ndi kapepala kolembedwa pamanja tsiku la lero ndi mawu amene mwasankha inu, bolt itatsegulidwa. Wakuba sangathe. Wokukakamizani kuti mutumize ndalama lero chifukwa "pali wina akuifuna" musiyireni winayo. PayPal silola malonda a mfuti, ndiye amene akuti mulipire kudzera kumeneko ngati mphatso kwa mnzanu akukuchotserani chitetezo chonse. Gulani kwa wogulitsa wolembetsedwa amene ali ndi sitolo yoti mungapiteko, ndipo alembe pa lisiti mtundu wa mfuti, nambala yake, ndi kuti mukhoza kuibweza ikapezeka kuti si imene ananena.

Poti muli ku England, lamulo nalo likuthandizani kusefa. Mfuti yotsekedwa, imene pa malonda amailemba kuti deactivated, iyenera kukhala ndi chidindo ndi satifiketi zochokera ku Proof House (malo ovomerezeka oyesera mfuti) ya ku London kapena ya ku Birmingham, ndipo nambala ya pa satifiketiyo ifanane ndi ya pa mfuti. Malamulo a katsekedwe anakhwimitsidwa mu 2016 ndi 2018, ndipo kugulitsa mfuti yotsekedwa mwa njira yakale ndi mlandu. Choncho yang'anani deti la pa satifiketi. Wina akakuuzani kuti yake ndi ya "old spec", bolt imayenda bwino, ndipo akupatsani mwakachetechete, akukuitanirani apolisi pakhomo. Funsaninso wogulitsa za kudziwitsa Home Office (unduna woona zam'dziko), chifukwa mu December 2019 panakhazikitsidwa lamulo lotero pa mfuti zotsekedwa. Yowomba ndi nkhani ina: imafuna chiphaso cha apolisi, ndipo siitumizidwa kunyumba kwanu ngati phukusi wamba. Ngati mumaganiza zodzapita nayo kumudzi tsiku lina, musaiike m'chikwama pongodalira kuti ndi yotsekedwa. Pamafunika zilolezo mbali zonse ziwiri, ndipo muyambe mwazifufuza musanagule tikiti.

Musanatulutse ndalama, pitani ku Royal Armouries ku Leeds mukaone mfuti za Lee-Enfield zenizeni ndi maso anu, kapena mupite ku chionetsero cha zida zakale komwe ogulitsa amalola kugwira. Diso limene laona zidindo zoona zingapo limayamba kukayika lokha likaona chabodza. Ndipo kunyumba funsani ngati pali chithunzi cha agogo atavala yunifomu, kapena kabuku kawo kotulukira usilikali kokhala ndi nambala ndi gulu lawo. Ngati pachithunzipo anyamula mfuti, yang'anani kumphuno kwake. Thabwa likafika mpaka kumapeto, mphuno yake ili yobuntha, imeneyo ndi SMLE. Mpope ukatulukira pang'ono kutsogolo kwa thabwa, ndi No. 4. Nditumizireni chithunzicho pamodzi ndi cha lamba wachitsulo wa mfuti imene mwaipeza, tidzaziyang'ane limodzi.